Yankho Lalowa m'Fayilo ya Boma

Ku nthambi ya boma imeneyi ankamutchula kuti Mame. Dzinali anam'patsa ndi amayi ena otayipa makalata tsiku lomwe anafika, digiri ikadali yotentha, nsapato zikugogoda pakhonde. Mayiwo atamva kuti mtsikanayu ndi mmodzi wa ongomaliza kumene ku yunivesite amene boma limawazunguliritsa m'zigawo, miyezi itatu kuno, miyezi itatu uko, mpaka chaka chithe, anangopukusa mutu. "Mlendo ndi mame. Tisadzivute n'kuloweza dzina lake." Anthu anaseka, ndipo dzinalo linakanirira. Mwini wake sanakwiye. Anangoti mame sakhalitsa, inde, koma wodutsamo amatuluka atanyowa.

Moyo wa wozungulira ndi wotero. Alibe desiki yakeyake, amakhalira mpando wa amene ali pa tchuthi, kiyi wa dirowa sapatsidwa, ndipo akangoyamba kudziwa kumene anthu amabisa shuga, amamusamutsa. Anzake ankadandaula nazo. Mame ankalowa chigawo chilichonse ngati eni ake akhala akumudikira.

Ndipo wina ananyowadi. Anali mnyamata wa ku kaundula, chipinda chapansi penipeni kumene amasungirako mafayilo a nthambi yonse. Ameneyu ankamutchula Kalondolondo, chifukwa fayilo ikasowa, ngakhale itabisala pansi pa mpando wa bwana, iye ankailondola n'kubwera nayo akuipukuta fumbi. Anali wamtali, wosalankhulalankhula, pensulo ili kukhutu nthawi zonse. Mame anayambira kwa iyeyu. Miyezi itatu yathunthu Kalondolondo anamuphunzitsa kuboola mapepala, kuwamanga ndi kachingwe, kulemba nambala pakona pa tsamba lililonse, ndi lamulo lalikulu la panyumbapo: fayilo ikamachoka ofesi ina kupita ina, imadzera ku kaundula. Tsiku lomaliza, akumunyamulira katoni ya katundu wake pamasitepe, anaima pakati n'kumufunsira mosazungulira.

"Ndikaganize," anatero Mame, n'kulandira katoni yake.

Tsopano miyezi yake itatu ya ku chigawo cha mapulani inali kumapeto, yankho lisanatulukebe. Sikuti ankakayika, ayi. Munthuyu ankamufuna, ndipo mtima wake unali utagamula kalekale kuti sadzamutaya. Kungoti ankasangalala kuona munthu wodekha akuyesedwa, komanso kunyumba kunali amayi, amene kuwauza nkhani yotere kunkafunika kuyamba wapuma kaye.

Kalondolondo sankaimba foni. Ankalemba ndi pensulo pa kapepala kamene amaphanika pachikuto cha fayilo kusonyeza kumene ikupita, kamene ikafika kamachotsedwa n'kutayidwa. Lolemba la sabata yomalizayo kapepala kanati: "Kupita ku mapulani. Nkhani ina ija ikadali patebulo panu."

Mame anayankha pa kapepala ka fayilo yobwerera: "Ikuunikidwa."

Masana kanabwera kena: "Ounikawo tiwagulire magalasi?"

"Boma silithamanga," iye analemba, akudziluma mlomo kuti mkulu wa mapulani asamve kuseka.

*

Lachitatu madzulo Mame anapeza amayi ake akusita pabalaza, tipepala tinayi titandandalikidwa pa mkono wa sofa ngati umboni wa kukhoti. Mayiwa anali mphunzitsi wopuma, koma chizolowezi chopisa m'matumba mwa ana sichinapume nawo.

"Wolemba ndi pensuloyu ndani?"

"Ndi wa kuntchito, amayi."

"Kuntchito kwanuko mabolopeni anatha?"

Mame anavula nsapato n'kukhala pansi. Anadziwa kuti tsiku lafika, ndipo sanafune kulizemba. "Amagwira ku kaundula. Anandifunsira, ndipo ine ndikumufuna."

"Kumene amagwira ndikukudziwa. Mwana wa anzanga uja, mlembi wa Madamu, bwana wamkulu wanu uja, wanditsina kale khutu. Akuti ofesi yonse ikukuseka."

Mame anatsala pang'ono kuseka yekha. Mlembi ameneyo anali atatha zaka ziwiri akutsikira ku kaundula ndi kapu ya tiyi imene palibe anaipempha, ndipo tiyiyo ankangozizirira pakauntala. Koma izi sizinali zouza amayi.

"Ali ndi pepala lanji?" anafunsa amayiwo.

"La sekondale. Akuphunzira zina akaweruka."

"Ine ndinaima pabolodi zaka makumi atatu, choko chikundilowa m'mphuno, kuti iwe ukatole wonyamula mafayilo?"

"Sanyamula, amayi, amasunga. Atajomba tsiku limodzi, nyumba yonse ija isanduka msika."

"Ndi mlonda yemwe amatero."

Kenako anaimika simbi. Mawu awo anatsika, ndipo Mame ankaopa mawu otsikawo kuposa okalipa. "Bambo ako anali munthu wabwino, mwanawe. Anali wabwino mpaka tsiku limene ndinakwezedwa kukhala mphunzitsi wamkulu, iwo akadali pomwe anayambira. Kuchokera pamenepo ndikaseka, akuti ndikuwaderera. Ndikakhala chete, akuti ndikudzimva. Iwe chaka chino chikatha ukhala ndi ofesi yako. Zaka zisanu zikubwerazi udzakhala ukusayinira tchuthi chake. Ukuganiza kuti adzakuombera m'manja?"

"Iyeyu si bambo anga, amayi."

"Inenso ndinkati wangayu si ngati amuna enawa."

Mame anadzuka, anawalanda simbi n'kumalizitsa yekha bulawuzi imene inatsala. Anawamvera chisoni, chifukwa anakulira m'nyumba yomweyo ndipo zitseko zomenyetsedwa zija ankazikumbukira. Koma chisonicho sichinasinthe kanthu. M'malo mwake chinamufulumizitsa, ndipo tipepala take anatitola tonse n'kutibwezera m'chikwama.

*

Lachinayi m'mawa anaona kuti munthu wadikira mokwanira. Kapepala ka pachikuto kanamuchepera, ndiye anatenga pepala la ndemanga, lija la mizere limene mabwana amalembapo maganizo awo mkati mwa fayilo, n'kulemba ndi bolopeni, zilembo zooneka bwino:

"A Kalondolondo, nkhani yanu ija ndaiunika tsamba ndi tsamba ndipo sindinapezemo cholakwika. Ndavomera. Ichitidwe msanga."

Pansi anasayina n'kuika tsiku, monga anaphunzitsidwira. Analilowetsa m'fayilo imene inali pamwamba m'thireyi yotulukira, ya nkhani yokonza denga la nyumba yosungiramo katundu, podziwa kuti woyamba kuitsegula ndi mwini kaundula. Pakona pa chikuto panali kapepala kofiira komata. Anakaona, koma sanakalabadire. Miyezi itatu yonse ya ku kaundula sanaonepo fayilo ya chizindikiro chofiira, ndipo sanadzifunsepo chifukwa chake.

Anapita kukapanga fotokope. Pobwerera anapeza thireyi ili mbee. Anakhala pampando wake wobwereka akumwetulira, khutu lili kumasitepe, kudikira mapazi a munthu wamtali akuthamanga. Teni inakwana, leveni inadutsa. Mpaka nthawi ya nkhomaliro kunali zii.

*

Anatsika yekha, mtima utayamba kutupa. Anamupeza Kalondolondo akusanja mafayilo pashelefu, akuimba kamluzu.

"Mwaswera bwanji, a ku mapulani?"

"Basi? Mwaswera bwanji basi?"

Mnyamatayo anatembenuka. "Ndalakwa?"

"Miyezi itatu mwandisowetsa mtendere ndi tipepala tanu. Lero ndakuyankhani, inu mukuimba mluzu."

"Mwandiyankha pati?"

"M'fayilo ya denga."

Pensulo inagwa kukhutu, ndipo Kalondolondo sanaitole. "Ya denga? Ija ili ndi chofiira?"

"Inde, kaya. Nanga chavuta n'chiyani?"

"Mame, chofiira ndiye kuti changu. Fayilo yachangu sidzera kuno. Mlembi amakaitenga yekha n'kukwera nayo kwa Madamu."

Mame anagwira kauntala. "Nanga bwanji simunandiphunzitse?"

"Ndikanakuonetserani pa chiyani, poti sizifika kuno?" Anamuyandikira, nkhope ili ndi mantha uku, chiyembekezo uku. "Koma mwalembamo kuti chiyani?"

Apa Mame, ngakhale zinthu zinali zitathina, sanafune kuti mawu ake atuluke monjenjemera. Anaongoka n'kumuyang'ana m'maso. "Ndalemba kuti ndavomera."

Kalondolondo anakhala pa mulu wa mafayilo, chinthu chimene munthu wina aliyense akanathamangitsidwa nacho m'chipindamo. Anaseka, anagwira mutu, anasekanso. "Mawu amene ndawadikira miyezi itatu, ayamba kuwerenga ndi Madamu!"

"Mwina sanawafike. Dikirani pompano."

*

Anakwera masitepe awiriawiri. Mlembi anali padesiki yake kunja kwa chitseko cha Madamu, akupala zikhadabo, nkhope ili myaa.

"Asisi, m'fayilo ya denga imene mwatenga ku mapulani muli pepala langa. Lalowa molakwika."

"Pepala la ndemanga lija? Eee, ndinalipeza likungoyendayenda. Inu munakhalako ku kaundula, achemwali, lamulo mukulidziwa: pepala losayinidwa siliyenda lotayirira m'fayilo ya boma. Ndaliboola bwinobwino, ndalimanga. Ndi tsamba 47 tsopano, ndipo fayilo ili mkatimu."

"Munaliwerenga?"

"Ine za eni ake sindiwerenga. Ndimangolemba nambala." Anauzira chikhadabo. "Koma muli ndi dzanja labwino."

"Zikomo. Nanunso muli ndi pakamwa pabwino, pofika mpaka kwathu. Mukawaimbira amayi lero muwauze zonse, musasiyeko ngakhale liwu limodzi. Mundipeputsira ntchito."

Mlembi anasiya kupala.

Pamasitepe Mame anakumana ndi Kalondolondo, amene analephera kudikira. Atamva za nambala, anayang'ana m'mwamba ndi pansi n'kutsitsa mawu. "Fayilo iliyonse imatsika tsiku lina, ngakhale yofiira, akaimatula chofiiracho. Ikadzafika, tsambalo ndidzalichotsa, manambala ndidzakonza. Palibe adzadziwe."

"Ndi inu munandiuza kuti wong'amba tsamba la nambala amachotsedwa ntchito tsiku lomwelo."

"Ndinakuuzani."

"Ndiye musalikhudze. Sindinavomere munthu kuti mawa azikhala pakhomo chifukwa cha ine. Ndalemba ndekha, ndikayankha ndekha."

*

Pofika Lachisanu m'mawa nkhani inali itazungulira nyumba yonse, kuposa mmene fayilo iliyonse inayenderapo. Madalaivala anamuvulira zipewa pageti. Amayi otayipa aja anamuimitsa pakhonde, fomu ili m'manja. "Mame, fomu yangayi yagona chaka kwa Madamu. Simungandivomereko?"

"Bweretsani, amayi, koma mudziwe kuti ndimaunika miyezi itatu."

Khonde lonse linafa ndi phwete. Mame anadutsa mutu uli m'mwamba, ngakhale uthenga unali utabwera kale kuti akufunidwa kumwamba.

Madamu, mkulu wa nthambi yonse, anali mayi wamfupi wa magalasi a pamphuno, amene anthu akangomva kutsokomola kwawo ankabisa mafoni. Fayilo inali yotsegula patsogolo pawo. Sanamuuze kuti akhale.

"Denga limeneli ladontha zaka ziwiri," anayamba motero. "Makomiti atatu akhalapo, onse alephera kugwirizana. Ine mwini ndakhala ndikuzengereza. Ndiye dzulo ndikutsegula, ndikupeza kuti munthu wa miyezi isanu ndi umodzi m'boma waunika tsamba ndi tsamba, wavomera, ndipo akuti ichitidwe msanga." Anakweza maso. "M'nyumba muno liwu limeneli amalemba ndi munthu mmodzi. Mukumudziwa?"

"Ndi inuyo, Madamu."

"Ndiye tilipo awiri tsopano?"

"Ayi, Madamu. Sindimanena za denga."

"Ndinazindikira. Denga silitchedwa Kalondolondo."

Mame sanagwetse maso. Anafotokoza zonse, tipepala, thireyi, chofiira chija, osakometsera, ndipo mlembi sanamutchule.

Madamu anamukankhira pepala lina lotayipa kale. "Tsamba la nambala silichoka, ngakhale nditafuna ine. Koma tsamba lotsatira likhoza kulifafaniza. Apa palembedwa kuti zimene zili pa 47 zinali nthabwala za wophunzira ntchito, zilibe tanthauzo lililonse. Sayinani, nkhani ithere pomwepa. Mukakana, ilowa mu lipoti langa la kumapeto kwa chaka, ndipo lipoti limenelo ndi limene limasiyanitsa wolembedwa ntchito yokhazikika ndi wobwerera kwawo."

Mame anawerenga kawiri. Bolopeni inali pomwepo. Anaopadi, chifukwa ntchito imeneyi sanachite kutola, ndipo anadziwa mmene amayi ake anavutikira kuti iye afike pamenepo. Kenako anaganiza za munthu amene fayiloyi idzatsikire kwa iye tsiku lina, amene adzaitsegule ali yekha n'kuwerenga 47, kenako 48.

"Madamu, ndikhoza kusayina kuti ndinalakwitsa malo. Zimenezo n'zoona, ndipo ndikupepesa. Koma zoti zilibe tanthauzo, ayi. Malo ndi olakwika, mawu ndi olondola."

Madamu anavula magalasi n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Muli ndi liuma."

"Amayi anga amateronso, Madamu."

Madamu anakoka pepalalo, anakhwatcha mzere umodzi, n'kulemba pamwamba pake kuti tsamba 47 silikukhudza denga. "Sayinani apa. Mu lipoti ilowabe, musadzinamize. Ndipo sabata yamawa mukamayamba kuchigawo chatsopano, mukafunse tanthauzo la chizindikiro cha mtundu uliwonse musanakhudze fayilo." Mame ali pachitseko, anawonjezera osakweza mutu: "Mnyamata ameneyo ndi yekhayo m'nyumba muno amene sanatayepo pepala langa. Musandionongere."

*

Tsikulo Mame ndi Kalondolondo anaweruka limodzi, anthu akuona. Mlembi anali pageti, ndipo atawaona anayamba kufunafuna chinthu m'chikwama chimene sanachipeze mpaka atadutsa.

"Mwakana kusayina?" anafunsa Kalondolondo atafika pamsewu. "Pamaso pa Madamu?"

"Ndakana mzere umodzi wokha."

"Mzere umodzi umenewo ukhoza kukudyerani ntchito."

"Kwatsala miyezi isanu ndi umodzi. Ndigwira ntchito mpaka lipotilo lichite manyazi." Anayenda pang'ono, kenako Mame anatulutsa chimene chinamukhala pakhosi chiyambire Lachitatu. "Amayi akuti zaka zisanu zikubwerazi ndidzakhala ndikusayinira tchuthi chanu, ndipo inu mudzayamba kumenyetsa zitseko."

"Tchuthicho mudzandipatsa?"

"Mukadzalemba bwino fomu."

"Ndiye vuto lili pati?" Anaseka, koma kenako anaima n'kumuyang'ana. "Tsiku lanu loyamba munandifunsa chifukwa chimene timalembera nambala kumanja osati kumanzere. Zaka zanga zonse ku kaundula palibe anandifunsapo. Ndinadziwa pomwepo kuti uyu akupita kutali. Sindinakufunsireni mwangozi, Mame. Masitepe onse amene mudzakwere ndinawaona, ndipo sindinaope."

Mame anamukhulupirira, ndipo anasangalala mpaka kulephera kuzibisa. Anamulola kumuperekeza mpaka pageti la kwawo, akuyenda pang'onopang'ono ngati msewu ndi wawo. Amayi anawaona pawindo koma sanatchulepo kanthu. Loweruka sanatchule, Lamulungu sanatchule, anangomusitira zovala za sabata yonse n'kuzipachika mwandondomeko. Mame anaona ngati nkhondo yatha. Anaiwala kuti mphunzitsi akakhala chete ndiye kuti akukonzekera phunziro.

*

Lolemba ndi Lachiwiri ozungulira onse anali kumaphunziro kuholo ina kutali ndi ofesi. Kawiri konse Mame analembera Kalondolondo uthenga pafoni, ndipo mayankho anali aafupi: "Ndili bwino." "Ntchito yachuluka." Anangoti ndi mmene alili munthu wa pensulo, foni si yake.

Lachitatu anayamba kuchigawo chake chachitatu, choona za ogwira ntchito. Mkulu wa kumeneko, bambo wansangala amene miseche ya m'makonde inkamudutsa ngati mphepo, anamulandira fayilo ili m'manja.

"Mwafika bwino. Tiyambe ndi chophweka, kalata yosamutsa munthu. Wapempha yekha kupita ku ofesi yathu ya kumalire, ulendo wa tsiku lathunthu pabasi. Madamu anayesa kumubweza, iye waumirira, ndiye asayina. Lembani, ikhale patebulo panga thwelofu isanakwane."

Mame anayang'ana pachikuto, panalibe mtundu uliwonse. Anatsegula. Kalata yopempha inali ya Lolemba. Dzanjalo analizindikira asanawerenge dzina, ngakhale ulendo uno linali la bolopeni.

*

Anatsika nayo fayiloyo. Ku kaundula Kalondolondo anali akuonetsa kalaliki wina wachikulire mmene buku lalikulu la mafayilo limayendera. Bamboyo ataona nkhope ya Mame anakumbukira kuti ali ndi ludzu, n'kutuluka.

Mame anaponya fayilo pakauntala. "Lachinayi ndikukuvomerani. Lachisanu ndikukana kusayina kuti munali nthabwala. Lolemba inu mukupempha kuthawa?"

"Sindikuthawa."

"Nanga uku n'kutani? Kuli fayilo yosowa kumalire?"

Sanaseke. Maso ake anali ofiira ngati a munthu wosagona. "Amayi anu anabwera Lolemba m'mawa."

"Anakukalipirani? Anakunyozani? Amatero ndi aliyense, ndi adokotala awo omwe."

"Akanandikalipira ndikanapirira. Zimenezo ndinazikonzekera." Analoza pansi, kutsogolo kwa kauntala. "Anagwada apa, Mame. Pasimenti apa, mayi wa imvi, amesenjala akuona. Anati, mwana wanga, ine ndilibe wina, ndi yekhayu. Lipoti lake laipa kale chifukwa cha inu, chonde musamumalize. Ndinawagwira mkono kuti adzuke, anakana, mpaka nditalonjeza."

Mame anayang'ana pamalopo. Anaona mawondo a amayi ake, amene ankavutika ngakhale kukwera sitepe ya pakhomo.

"Munawalonjeza amayi," anatero Mame. "Nanga ine munandifunsa?"

"Ndikanakufunsani mukanakana."

"Ndiye munalidziwa yankho langa, n'kusankha lawo. Lachisanu lomweli munati simunaope."

"Masitepe sindinawaope. Koma mayi akagwada, munthu umatani?"

"Umawadzutsa n'kuwaperekeza kwa mwana wawo, nkhani ikambidwe tili atatu." Anatola fayilo. "Mukudziwa amene wapatsidwa kulemba kalata yokusamutsani?"

Kalondolondo anayang'ana fayiloyo, kenako manja amene anaigwira. Anatseka maso.

*

Mame anakwera, anakhala pakompyuta n'kuilemba kalatayo, chifukwa ntchito ndi ntchito, ndipo sanafune kupatsa munthu aliyense chifukwa chachiwiri chomunenera. Udindo, chigawo, kumene akupita, zonse analemba molondola, misozi akuibweza ndi mano. Panatsala malo amodzi.

"Bwana, tsiku lokayamba ntchito kumeneko ndiike liti?"

Mkuluyo sanakweze n'komwe mutu. "Mwini wake wapempha Lolemba likubwerali. Koma tsiku timaika ndife, osati iye. Lamulo limalola mpaka masiku makumi atatu. Ikani lomwe mukuona kuti n'loyenera."

Foni inanjenjemera patebulo. Unali uthenga wa amayi: "Wadya, mwanawe? Usakhale ndi njala pa ntchito yatsopano."

Mame anayang'ana kalendala ya pakhoma, anawerenga ndi chala mpaka tsiku la makumi atatu, n'kulitayipa. Panali kugwada kwa amayi, lonjezo la mwamuna ndi siginecha ya Madamu, ndipo zonse zitatu zinkafunika kubwezedwa mwezi usanathe. Anasindikiza kalata n'kuipereka kwa mkuluyo kutatsala mphindi khumi kuti thwelofu ikwane. Kenako anatenga foni n'kuyankha amayi ake.

"Ndadya. Madzulo musachoke, ndikubwera naye."